KODI KUTHAMANGA KWA MAGAZI KUTSATA MTUNDU WA MUNTHU?

Phunziro la za Moyo wa Thupi

M'midzi yambiri mumveka nkhani yotere masiku ano. Mkuru wa pa mudzi, munthu wamphamvu amene sanagonepo m'cipatala cibadwire, alawirira ku munda ali bwino. Dzuwa lisanafike pa liwombo agwa pakati pa mizere, ndipo pomnyamula abale apeza kuti dzanja ndi mwendo za mbali imodzi zafa, pakamwa papotoka, ndi mau ace samveka. Madzulo anthu asonkhana pa khonde nafunsana cimene cagwetsa munthuyo. Ena aloza cala mbale amene anakangana naye caka catha za malire a munda. Ena akumbuka kuti amace anagwa momwemo, ndi amalume ace omwe, nati, "Make mbuu, mwana mbuu, nthenda iyi iri m'magazi a pfuko lao." Ndipo mnyamata amene anakhalako ku Lusaka aonjeza kuti iye anamva kuti nthendayi ikonda anthu akuda koposa Azungu, kotero kuti palibe cimene munthu angacite.

Cimene cigwetsa anthu motero, nthawi zambiri, ndico kuthamanga kwa magazi, nthenda imene a ku cipatala aichula BP. Mau a mnyamata uja ayenera kuyesedwa bwino, pakuti muli coonadi m'menemo, mulinso cinyengo. Ndipo munthu wolandira zonse pamodzi osapeta adzaleka kudzisamala, nadzafa msanga ndi nthenda yokhoza kuletsedwa. Phunziro ili lipeta mauwo monga mai apeta mphale, kuti gaga apite pa yekha.

1. NTHENDAYI NDI YOTANI?

Mtima wa munthu ukankha magazi usana ndi usiku, ndipo magaziwo ayenda m'mitsempha kufikira ku ciwalo ciri conse ca thupi. Poyendapo akankha zipupa za mitsempha monga mpweya ukankha chubu ca njinga. Mwini njinga adziwa kuti mpweya wocepa suyendetsa njinga. Adziwanso kuti akapopa mopitirira, tsiku lina chubu cidzaphulika pa malo ofooka. Momwemonso magazi ayenera kukhala ndi mphamvu yokwanira, koma mphamvuyo ikakhala yopitirira zaka ndi zaka, mitsempha iuma, ndipo potsiriza pace iphulika kapena kutsekeka.

Poyeza, namwino amanga lamba pa mkono wa munthu, napopa mpweya m'menemo, nawerenga nambala ziwiri. Nambala yapamwamba ndiyo mphamvu ya magazi pamene mtima ufinya. Yapansi ndiyo mphamvu yace pamene mtima upumula pakati pa kugunda kwace. Kwa munthu wamkuru wa moyo wabwino nambalazo zikhala kufupi ndi 120 ndi 80. Yapamwamba ikafika 140, kapena yapansi ikafika 90, ndipo zikapezeka motero masiku awiri osiyana, munthuyo ali nayo nthenda.

Ziwalo zinai ndizo zilandira bvuto koposa. Mtsempha ukaphulika kapena kutsekeka m'bongo, munthu afa ziwalo monga mkuru uja. Mtima, pokankha magazi m'mitsempha youma, ukula nulema, ndipo munthu ayamba kupuma mobvutika ndi kutupa mapazi. Impso, zimene nchito yace ndiyo kusefa magazi, zionongeka. Maso nawo ayamba kucita khungu.

Coopsa ca nthendayi ndi cakuti ambiri samva kuwawa konse. Icita monga anankafumbwe m'nkhokwe: kunja cimanga cioneka cabwino, koma tsiku lopasula mwini apeza ufa wokhawokha. Bungwe la za umoyo la maiko onse, World Health Organization, linalengeza m'caka ca 2023 kuti anthu akuruakuru odwala nthendayi pa dziko lapansi anacuruka kucokera pa 650 miliyoni m'caka ca 1990 kufikira 1.3 biliyoni m'caka ca 2019, ndi kuti pafupifupi theka la iwo sanadziwe kuti ali kudwala.

2. MBALI IMENE IRI YOONA

Mnyamata wa ku Lusaka sananame konse, pakuti mau ace acokera ku zimene madokotala anaona ku America ndi ku Britain, kumene anthu akuda ndi Azungu akhala m'dziko limodzi nayezedwa m'zipatala zomwezo. Ku America, kumene muyeso wa nthenda uyambira pa 130 ndi 80, oposa theka la anthu akuda akuruakuru apezeka nayo, pamene mwa Azungu a komweko owerengedwa safika theka. Kusiyana kwakukuru koposa kuli m'mayendedwe a nthenda. Pakati pa anthu akuda iyamba munthu akali wamng'ono, ikwera kwambiri, ndipo igwetsa ambiri asanakalambe. Kufa kwa impso, kumene kufuna kuti munthu azitsukidwa magazi ndi makina, kugwera anthu akuda a ku America kuposa katatu poyerekeza ndi Azungu. Ku Britain nakonso, anthu ocokera ku Africa ndi ku zisumbu za Caribbean apezeka ndi nthendayi, ndi kufa kwa ziwalo, koposa eni dziko.

Zimenezi nzoona, ndipo kuzibisa sikuthandiza munthu ali yense. Koma funso latsala: kodi cimene cicititsa kusiyanaku ndi khungu, kapena magazi a makolo, kapena cinthu cina? Munthu akaona kuti cimanga ca mnansi cacita bwino koposa cace, safulumira kunena kuti mbeu yace njoipa. Ayamba wafunsa za nthaka, za manyowa ndi za mvula, ndipo njira yodziwira ndiyo kubzala mbeu yomweyo m'minda yosiyana. Anzeru za mankhwala anacita cofanana ndi cimeneci, ndipo zimene anapeza ziri m'zigawo ziwiri zotsatira.

3. UMBONI WA KU KENYA

M'caka ca 1929 dokotala wa ku Britain, dzina lace C. P. Donnison, amene anagwira nchito pakati pa anthu a m'midzi ya kufupi ndi nyanja ya Victoria ku Kenya, analemba za amuna 1,000 amene anawayeza. Anapeza kuti kufikira zaka 40 magazi ao anayenda monga a Azungu a msinkhu womwewo. Koma kupitirira pamenepo, pamene a Azungu akwera ndi ukalamba, a anthu a m'midzi ija anatsika. Ndipo mwa odwala ngati 1,800 amene anagonekedwa m'cipatala cace m'zaka ziwiri, sanapeze ndi mmodzi yemwe wa nthenda iyi. Awa anali anthu akuda enieni, okhala pa dziko la makolo ao.

Patapita zaka 60, madokotala ena, mmodzi wa iwo Neil Poulter, anatsata anthu a mtundu wa Luo amene anali kucoka ku midzi ya dera lomwelo kunka ku Nairobi kukafuna nchito. Anayeza opita ndi otsala omwe, kwa zaka ziwiri, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 1990. Magazi a opita ku mzinda anapezeka atakwera pakutha mwezi umodzi wokha. Mkodzo wao unaonetsa kuti anali kudya mcere wambiri ndi zamasamba zocepa, matupi ao analemera koposa a otsala ku mudzi, ndi mitima yao inagunda mofulumira.

Tsono munthu sasintha pfuko lace m'mwezi umodzi. Mluo wa ku Nairobi anali mwana wa mai yemweyo ndi mbale wace wotsala ku mudzi. Cimene cinasintha ndico cakudya ca m'mbale yace, nchito ya manja ace, ndi nkhawa za mtima wace.

4. ANA A KHOLO LIMODZI M'MAIKO ATATU

Umboni wina ucokera ku mbiri yowawa ya ukapolo. Kwa zaka zoposa 300 anthu oposa 12 miliyoni anakwezedwa m'zombo ku magombe a Africa naolotsedwa nyanja ya Atlantic, ambiri a iwo ocokera ku maiko a kumadzulo. Zidzukulu zao ziri ku zisumbu za Caribbean ndi ku America kufikira lero, ndipo abale ao otsala ali ku Nigeria, ku Cameroon ndi maiko oyandikana nawo. Iyi ndiyo mbeu imodzi yobzalidwa m'minda itatu.

Dokotala Richard Cooper wa pa Loyola University kufupi ndi Chicago, pamodzi ndi anzace a m'maiko amenewo, anayeza anthu ngati 10,000 ndi muyeso umodzi: ku Nigeria ndi ku Cameroon, ku Jamaica, Barbados ndi St Lucia, ndi m'mudzi wa Maywood ku America. Zimene anafalitsa m'caka ca 1997 ndi izi: kumadzulo kwa Africa anthu 16 mwa 100 anali ndi nthenda, ku zisumbu za Caribbean 26 mwa 100, ku America 33 mwa 100. Kunenepa kwa thupi ndi kucuruka kwa mcere m'cakudya zinakwera potsata njira yomweyo, kucokera ku Africa kufikira ku America. Nthenda ikadakhala m'khungu, bwenzi itacuruka koposa kumene khungulo linacokera. Koma kumeneko ndiko inacepa.

M'caka ca 2005 Cooper ndi anzace anacitanso cinthu cina. Anasonkhanitsa ziwerengero za anthu a zaka 35 kufikira 64 m'maiko a anthu akuda ndi a Azungu omwe, naziika pamodzi. Pakati pa anthu akuda nthenda inayambira pa 14 mwa 100 ku Nigeria kufikira 44 mwa 100 ku America. Pakati pa Azungu inayambira pa 27 mwa 100 ku Canada kufikira 55 mwa 100 ku Germany. Kotero Azungu a ku Germany anaposa anthu akuda a ku America, ndipo anthu a ku Nigeria anali pansi pa onse. Kusiyana kwa Mzungu ndi Mzungu mnzace kunaposa kusiyana kwa Mzungu ndi munthu wakuda a m'dziko limodzi.

5. CIMENE MUNTHU ABADWA NACO

Kodi tsono cibadwa ciribe kanthu? Iai, ciri nako. Aja anakumbuka amai ndi amalume a wodwala sanaphonye, pakuti munthu amene atate wace kapena amace anadwala nthendayi ali pafupi nayo koposa mnzace. Mwana alandira kwa makolo ace timbeu tating'ono ta cibadwa timene tiumba thupi lace, ndipo anzeru apeza mazanamazana a timbeu totere timene tikhudza mphamvu ya magazi, kali konse pang'ono cabe. Palibe kambeu kamodzi kamene anthu akuda onse ali nako ndi Azungu onse alibe. Ndiponso mau akuti "anthu akuda" aphimba mitundu yambirimbiri, pakuti m'Africa ndimo anthu asiyana cibadwa koposa m'dziko lina liri lonse. Anthu awiri ocokera ku mbali ziwiri za Africa akhoza kusiyana koposa Mzungu ndi munthu wa ku China.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene zipezeka kawirikawiri mwa anthu a makolo a ku Africa, ndipo ziyenera kudziwika.

Coyamba ndi ca mcere. Impso ndizo zituruza mcere wotsala m'thupi. Kumene kuli mcere, madzi atsata. Cifukwa cace mcere ukakhalitsa m'thupi, madzi acuruka m'mitsempha, ndi mphamvu ya magazi ikwera. Impso za anthu ena zisunga mcere koposa za anzao, ndipo anthu otere apezeka m'mitundu yonse, koma acuruka pakati pa anthu akuda. Anzeru ena aganiza kuti m'maiko otentha, kumene munthu ataya mcere m'thukuta ndipo mcere unali wosowa, thupi losunga mcere linali dalitso. Thupi lomwelo likafika kumene mcere ugulidwa ndi kandalama kakang'ono pa sitolo iri yonse, dalitso lija lisanduka msampha. Koma nkhaniyi iri ndi mbali yokondweretsa: poyesa anthu ku America, madokotala anapeza, nafalitsa m'caka ca 2001, kuti kucepetsa mcere kunatsitsa magazi a anthu akuda koposa a enawo. Amene mcere umpweteka koposa ndiye apindula koposa pouleka.

Caciwiri ndi ca impso. M'caka ca 2010 anzeru anapeza kuti kambeu kena ka cibadwa, kochedwa APOL1, kali ndi maonekedwe awiri amene apezeka mwa anthu a makolo a ku Africa, makamaka a kumadzulo. Maonekedwe amenewa athandiza thupi kupha tizirombo ta kaodzera, nthenda ya kashembe. Ndipo mtundu wa kaodzera umenewo ndiwo uja unazindikirika coyamba m'caka ca 1910 m'magazi a munthu amene anautenga m'cigwa ca Luangwa. Wolandira kambeuko kwa kholo limodzi apeza cishango. Wolandira kwa makolo onse awiri ali pafupi ndi nthenda ya impso, ngakhale ambiri a iwo sadwala. Ndipo impso zikaonongeka, magazi akwera. Cimene cinapulumutsa makolo ku kashembe cikhoza kubvuta zidzukulu m'njira yina.

Izi ndizo mbeu. Koma mbeu siimera m'thumba; ifuna nthaka.

6. CIMENE MUNTHU AKOMANA NACO

Nthaka yoyamba ndiyo mcere. M'caka ca 1988 panafalitsidwa kafukufuku wochedwa Intersalt, amene anayeza anthu oposa 10,000 m'malo 52 a m'maiko 32. Mwa malo onsewo munali anai kumene anthu anadya mcere wocepa koposa: awiri m'nkhalango za Brazil, amodzi m'mapiri a Papua New Guinea, ndi amodzi m'midzi ya Kenya. Anthu a malo anaiwo anasiyana khungu ndi cinenero, koma anafanana pa cimodzi: magazi ao anali otsika, ndipo sanakwere kwambiri ndi ukalamba.

World Health Organization ilangiza kuti munthu wamkuru asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiwo kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera pamodzi wa m'zakudya zonse. M'caka ca 2017 Unduna wa za Umoyo m'Zambia unayeza anthu a zaka 18 kufikira 69 m'zigawo zonse za dziko, nupeza kuti munthu mmodzi adya magalamu 9.5 pa tsiku, pafupifupi kawiri muyeso uja, ndi kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu asanu anali ndi magazi okwera. Mcerewo suli wa m'ndiwo wokha. Uli m'kapenta ndi m'nsomba zouma zothira mcere, m'buledi, m'soseji, m'zokometsera ndiwo za m'timapaketi, ndi m'soda wa ku sitolo amene amai athira m'therere. Ulinso m'cizolowezi ca kuwaza mcere wina pa ndiwo munthu asanalawe.

Nthaka yaciwiri ndiyo kusowa kwa zamasamba. M'nkhwani, bonongwe, nyemba, nshawa, mbatata, maungu ndi nthoci muli cinthu cochedwa potassium, cimene cithandiza impso kuturutsa mcere ndi kufewetsa mitsempha. Makolo anadya zimenezi tsiku ndi tsiku. Lero ena aziyesa ndiwo za amphawi, nagulitsa nyemba ndi nshawa zonse kuti agule zokazinga ndi zakumwa za shuga.

Nthaka yacitatu ndiyo kunenepa ndi kukhala cabe. Thupi likalemera, mtima ugwira nchito yaikuru. Anthu ambiri ayesa mimba yaikuru cizindikiro ca ulemerero, koma mtima suuyesa motero. Pamodzi ndi izi pali mowa wopitirira, makamaka kacasu, umene ukweza magazi, ndi fodya, amene aononga mitsempha.

Nthaka yacinai ndiyo masautso a moyo. Nkhawa yosatha, kusowa tulo, umphawi, ndi kunyozedwa cifukwa ca khungu zikweza magazi. Anthu akuda a ku America anakhala zaka mazana mu ukapolo ndi m'tsankho, ndipo kufikira lero ambiri a iwo akhala m'malo osauka, kutali ndi zakudya zabwino ndi cithandizo ca cipatala. Pali zambiri zimene anthu aziika pa khungu, pamene mwini wace ndi umphawi. Ndiponso mwana wobadwa wocepa thupi cifukwa ca njala ya amace apezeka kawirikawiri ndi magazi okwera atakula. Kotero cakudya ca mai wapakati cifika kutali.

Pa cifukwa cimeneci munthu wa ku mudzi asanene kuti, "Iyi ndi nthenda ya a ku tauni ndi ya olemera." Mcere wa ku sitolo, mafuta ophikira, kacasu ndi nkhawa za ndalama zafika m'midzi yonse, ndipo nthenda yafika nazo. Midzi ya masiku a Donnison inapita.

7. ZA MANKHWALA

Pali malo amodzi pamene kudziwa za makolo kuthandiza dokotala, ndipo ndi posankha mankhwala. Impso zipanga cinthu cochedwa renin, cimene cilamulira kufinyika kwa mitsempha ndi kusunga mcere. Anthu akuda ambiri odwala nthendayi ali ndi renin wocepa. Cifukwa cace mankhwala olimbana ndi njira ya renin, monga enalapril ndi perindopril, sawathandiza kwambiri akamwedwa pa okha. Awathandiza koposa ndi mankhwala ofewetsa mitsempha, monga amlodipine ndi nifedipine, ndi okodzetsa, monga hydrochlorothiazide. Malangizo a madokotala a ku Britain anena kuti wodwala wa makolo a ku Africa, amene alibe nthenda ya shuga, ayambe ndi mankhwala ofewetsa mitsempha.

M'caka ca 2019 dokotala Dike Ojji wa ku Nigeria ndi anzace anafalitsa za kuyesa kumene anacita m'maiko 6 a m'Africa pa odwala 728. Odwala amene analandira amlodipine pamodzi ndi mankhwala ena anatsika magazi koposa aja analandira perindopril ndi hydrochlorothiazide opanda amlodipine. Uwu ndi umboni wocokera m'Africa momwe.

Koma kusankha mankhwala ndi nchito ya a ku cipatala, pakuti wodwala shuga, wodwala impso, ndi mai wapakati ali yense afuna ace. Munthu asabwereke mapilitsi a mnansi. Ndipo wodwala adziwe kuti mankhwalawa agwira nthenda monga cingwe cigwira ng'ombe yolusa. Cingwe cikamasulidwa, ng'ombe iri pomwepo. Ambiri amene agwa m'munda ndi anthu amene anamwa mwezi umodzi, namva bwino, naleka. Adziwenso kuti mankhwala ena oletsa kuwawa, monga ibuprofen ndi diclofenac, akweza magazi naononga impso akamwedwa masiku ambiri.

8. ZOYENERA KUCITA

Coyamba, munthu wamkuru ali yense ayezetse magazi ace kamodzi pa caka, ngakhale samva kanthu. Muyeso uli umodzi kwa Mcewa, Mngoni, Mnsenga, Mkunda, Mmwenye ndi Mzungu. Kuyezako sikuwawa, ndipo sikutenga nthawi yokwanira kuphika nsima.

Caciwiri, amene adziwa kuti m'banja mwao munagwa munthu, kapena munali wodwala impso, auze namwino mau amenewo, nayambe kuyezetsa akali mnyamata. Mbiri ya banja iri ngati mnansi wocenjeza kuti m'njira muli njoka. Wanzeru amthokoza, nayenda ndi ndodo.

Cacitatu, wophika acepetse mcere pang'onopang'ono, pakuti lilime lizolowera m'masabata ocepa. Kapenta ndi nsomba zamcere zibviikidwe m'madzi, madziwo natayidwe. Mbale ya mcere icoke pa mphasa podyera. Ndiwo zamasamba, nyemba ndi zipatso zibwerere pa malo pace. Koma wodwala impso afunse dokotala za zakudya zomyenera.

Cacinai, mai wapakati apite ku sikelo msanga ndi kosalekeza, pakuti magazi akhoza kukwera ndi pakati, naika mai ndi mwana pa ngozi. Mutu wowawa kwambiri, maso acidima ndi kutupa nkhope kapena manja ziri zizindikiro zothamangira nazo ku cipatala tsiku lomwelo.

Cacisanu, munthu akapotoka pakamwa, akalefuka dzanja, kapena akalephera kulankhula modzidzimutsa, abale afune ngolo kapena galimoto nthawi yomweyo. Maora oyamba ndiwo apulumutsa bongo. Otayidwa pofuna wolodza sabwerera.

Cacisanu ndi cimodzi, akuru a mpingo, a mabungwe a amai ndi mafumu a midzi akhoza kupempha a zaumoyo kuti adze ndi coyezera pa tsiku la msonkhano, kuti okalamba osakhoza kuyenda mtunda ayezedwe pafupi.

Ndipo pakhale cenjezo ili: banja limene muli nthendayi lisanyozedwe, ana ace asakanidwe ukwati, ndi mbale asanamiziridwe ufiti. Nthenda imene iri mwa mmodzi wa anthu asanu iri pafupi ndi khomo liri lonse.

MAU OTSIRIZA

Mnyamata wa ku Lusaka ananena zoona kuti anthu a makolo a ku Africa ayenera kusamala koposa. Analakwa ponena kuti palibe cocita. Makolo apatsa munthu mbeu, koma mbeu yomweyo inabala 16 ku Africa, 26 ku zisumbu ndi 33 ku America. Munthu sakhoza kusankha amene ambala, koma akhoza kusankha muyeso wa mcere, akhoza kuyenda ulendo wa ku cipatala, ndipo akhoza kumwa piritsi lace m'mawa uli wonse. Mkuru uja wa m'munda akadayezedwa zaka zisanu zapitazo, kapena lero akadakhala ali kupalira cimanga cace. Ana ace ndi aphwace akali ndi nthawi. Akuru anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi nambala ziwiri zimene namwino awerenga zitanthauza ciani, ndipo nthenda iyambira pati?

2. Ncifukwa ninji magazi a Aluo anakwera atafika ku Nairobi, pfuko lao lisanasinthe?

3. Kodi ziwerengero za ku Nigeria, ku America ndi ku Germany ziphunzitsa ciani za khungu la munthu?

4. Ndi zakudya ziti za pa mudzi pano zimene ziri ndi mcere wobisika, ndipo ndi ziti zithandiza kuuturutsa?

5. Kodi munthu wodziwa kuti amace anafa ziwalo ayenera kucitanji caka cino?

6. Kodi mudzi ungathandize bwanji banja limene mwagwa munthu, popanda kulozana zala?